Ana 96 m'kalasi imodzi: ndimuchotse kapena ndimusiye?

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa mayi wina wa ku Chinamwali. Dzina lawo ndabisa, la sukulu ndabisanso. Analemba motere: "Mwana wanga wamkazi anasankhidwa kupita Fomu 1 pa CDSS (sekondale ya boma yoyendera) ina muno mu Zomba, ndipo tinavina. Koma akuti m'kalasi mwawo alimo 96. Desiki ya anthu awiri amakhalapo anayi, wochedwa amakhala pansi. Bambo ake akuti timuchotse tikamulipirire pulaiveti, koma ine ndimagulitsa kaunjika, ndalama yake ndi yokoka. Kodi mwana angaphunzire m'chipiringu chotere?"

Zikomo mayi. Ndiyambe ndi yankho, zifukwa zibwere pambuyo: musamuchotse kaye. Madzulo ano mumuuze abweretse makope ake a masamu ndi a Chingerezi, muwatsegule tsamba ndi tsamba, muwerenge kuti cholembera chofiira cha aphunzitsi chadutsamo kangati chiyambire teremu. Nambala imeneyo ikuuzani zambiri kuposa 96 uja.

Ine choko ndinachigwirapo zaka zingapo ndisanasinthe ntchito, ndiye ndikuuzeni mmene zimakhalira kutsogolo kwa bolodi. Kuyankhula kwa ana 96 si kovuta kwenikweni; ukakhala ndi mawu okwera, amva. Chimene chimafa ndi kuchonga. Tiyerekeze kuti kope limodzi likutenga mphindi zitatu zokha. Makope 96 ndi mphindi 288, maola asanu kuchotsapo pang'ono, ndipo imeneyo ndi ntchito imodzi ya kalasi imodzi. Mphunzitsi yemweyo ali ndi Fomu 1 ina, ali ndi Fomu 3, kunyumba kuli ana ake. Ndiye amatani? Amasiya kupereka chimangirizo. Amasiya kupereka masamu okachitira kunyumba. Amapatsa mwana wolemba bwino buku la manotsi kuti akopere anzake pa bolodi, iye n'kukhala mu sitafu. Sindikunyoza anzanga, nanenso ndinachitapo, ndipo mpaka lero zimandiluma. Mwana amatha zaka ziwiri akulakwitsa chinthu chimodzimodzi popanda womuuza, kudzadzidzimuka zotsatira za JCE zitatuluka.

Koma alipo aphunzitsi ena, ndawaona ndi maso anga, amene pa kalasi yomweyo amachonga mzere umodzi lero, wina mawa, kapena kusinthanitsa makope kuti ana achongerane iwo akufotokoza pa bolodi. Sukulu ziwiri zodzaza mofanana zimatha kusiyana ngati usiku ndi usana. N'chifukwa chake ndikuti kaoneni kope.

Mwina mukufunsa kuti zinafika bwanji apa. Mu 1994 boma la a Bakili Muluzi litachotsa fizi ku pulayimale, ana anakhamukira kusukulu: kuchoka pafupifupi 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Chinali chinthu chabwino, koma walira mvula walira matope. Anawo amayenera kudzafika Sitandade 8, ndipo masekondale analipo ochepa. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, malo aja tinkawatcha ma MCDE, komwe ankapita osasankhidwa, anawasandutsa ma CDSS. Dzina linasintha msanga, nyumba ndi aphunzitsi zinatsalira m'mbuyo. Ambiri mwa aphunzitsi oyamba anangotengedwa ku pulayimale, ndipo koleji ya Domasi yakhala ikuwasula pang'onopang'ono kuti akhale ndi madipuloma. Mpaka pano ana amene amapeza malo ku sekondale za boma sakwana theka la amene amakhoza mayeso a Sitandade 8. Tsono mwana wanu, ngakhale akukhala mothinana, ali m'gulu la amwayi. Ndipo poti boma linalengeza kuti kuyambira Januwale 2026 sekondale za boma zikhala zaulere, musayembekeze kuti makalasi apepuka posachedwa. Amene ankasiyira panjira chifukwa cha ndalama tsopano ali ndi chifukwa chokhalira.

Zomba ali ndi vuto lakelake pamwamba pa zimenezi. Tauni ino ndi ya anthu osamutsidwa: asilikali a ku Cobbe, apolisi, a ndende, a kuchipatala, a ku yunivesite. Aliyense akabwera amabwera ndi ana ndi kalata ya transifa, ndipo mwana amene anasankhidwa kale kwina n'kovuta kumubweza. Onjezerani abale athu a ku Jali, Mayaka, Chingale ndi Thondwe amene amatumiza mwana kwa amalume ake m'tauni poganiza kuti kuno ndiye kuli aphunzitsi. Onjezeraninso, tinene zoona, aja amalowa kudzera kuseri chifukwa wina anadziwana ndi wina. Mndandanda wa selekishoni umafika ndi nambala yake, koma pofika teremu yachiwiri kalasi yatupa ngati mtanda wa mandasi. Pali kuseketsa kwina kowawa: likulu la Maneb, bungwe loyendetsa mayeso, lili muno, a MIE amene amakonza silabasi ali pa Domasi pomwepa, aphunzitsi amasulidwa pa yunivesite ku Chirunga, koma mwana wa pa Chinamwali akulembera pabondo.

Kenako pali a open. Masana, a selekishoni akaweruka, zipinda zomwezo zimalandira ana olipira okha, ndipo owaphunzitsa ndi aphunzitsi omwewo. Ine sinditsutsa open, yapulumutsa ana ambiri amene akanangokhala pakhomo. Koma nthawi ya masana ija, imene kale inali ya sitade ndi yofunsa aphunzitsi zimene sunamve, inapita. Mufunse mwana wanu kuti amaweruka nthawi yanji, ndipo pa mapiriyodi a tsiku limodzi, ndi angati amene mphunzitsi amalowadi.

Tsono za pulaiveti zimene akunena bambo. Zilipo zabwino, koma zabwinozo fizi yake si ya kaunjika. Zotchipa zambiri ndi nyumba yogonamo kapena sitolo yakale imene anaipaka penti n'kukhomapo chikwangwani. M'kalasi mungapeze ana 30, inde, koma mphunzitsi wake ndi mnyamata amene walemba MSCE chaka chatha, ndipo akapanda kulipidwa miyezi iwiri amasowa osatsanzika. Ana ochepa opanda mphunzitsi sapambana ana ambiri okhala ndi mphunzitsi. Ngati bambo aumirira, apite okha akafunse zinthu zitatu: chiphaso cha Unduna wa Zamaphunziro, ngati ana amalembera mayeso a Maneb pomwepo kapena amakawalembetsa kwina, ndiponso aone labotale ndi maso awo, chifukwa pa MSCE sayansi ili ndi mayeso ochita ndi manja. Kumbukiraninso kuti malo a boma mukawasiya sabwerera mophweka. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ndawaonapo makolo atalipira materemu awiri, geni n'kugwa, mwana n'kuthera pakhomo, uku malo ake aja anapatsidwa wina kalekale.

Mukamusiya pomwepo, musangomusiya. Azidzuka m'mamawa kuti apeze malo kutsogolo. M'kalasi yotere mizere itatu yoyamba ndi sukulu ina, yakumbuyo ndi ina. Ngati amatsinzina poyang'ana patali, kamupimitseni maso, chifukwa mwana wosaona bwino pa ana 96 palibe angamuzindikire. Apeze anzake anayi kapena asanu akhama oti aziwerengera limodzi ndi kuchongerana, makamaka mapepala a mayeso akale. Ndalama imene mukanapereka ku pulaiveti teremu imodzi ingagule mabuku a masamu ndi sayansi, ndipo mwana wokhala ndi buku lakelake pa CDSS ndi mfumu. Za patitaimu samalani: ngati wophunzitsa ndi yemweyo amene m'kalasi saphunzitsa mokwanira, mukugula kawiri chinthu chimodzi, ndipo mwana wamkazi asamapite yekha kunyumba kwa mphunzitsi, kaya ndi wa ulemu bwanji.

Poti ndi mtsikana, pali nkhani ina imene makolo saifunsa: zimbudzi ndi madzi. Sukulu yomangidwira ana ochepa ikalandira ochuluka, zimbudzi siziwonjezeka. Mtsikana akakhala kumwezi, popanda posinthira, amajomba mwakachetechete masiku atatu kapena anayi mwezi uliwonse. Imeneyi mufunseni inuyo amayi ake, bambo sangaimve.

Ku msonkhano wa PTA pitani, ndipo musakangowomba m'manja. Funsani mwaulemu kuti mndandanda wa Fomu 1 unabwera ndi ana angati ndipo lero alipo angati. Funsani za madesiki othyoka amene aunjikidwa kuseri kwa ofesi; nthawi zambiri kalipentala mmodzi ndi misomali zimadzutsa ambiri ndithu. Za chipinda chatsopano, kuli thumba la chitukuko la CDF, ndipo khansala ndi phungu amamva msanga makolo akapita ambiri. Ahedi akakanika, ofesi yoyang'anira masekondale a chigawo chino, kuphatikizapo Machinga, Balaka ndi Mangochi, ili muno mu Zomba, simufunika basi ya ku Lilongwe.

Nanga ndi liti pamene ndinganene kuti muchotseni? Mukapeza kuti teremu yonse kope la masamu silinaone chofiira, kuti phunziro lina lilibiretu mphunzitsi, kapena kuti mwana wayamba kuopa kupita chifukwa cha munthu wina pasukulupo. Zikatero yambani mwapempha transifa kupita pa sukulu ina ya boma, pulaiveti ibwere pomaliza.

Kaoneni makopewo mayi, mundilemberenso. Mundiuzenso mzere umene amakhala.