Nyumba yakale ingandichepetsere msonkho?

Akonzi, ine ndili ndi nyumba ku Highfield imene anatisiyira agogo, yakalekale ndithu moti denga likudontha, ndiye msuweni wanga amene ali ku America akuti kwawoko ukakonza nyumba yakale boma limakuchotsera msonkho. Kodi nzoona zimenezi? Nanga kuno ku Harare ndingapezeko kenakake?

Wowerenga wa ku Highfield

Zikomo bambo. Asuweni anuwo sananame ayi koma angokuuzani mbali yokoma yokha. Ku America ndondomekoyi inayamba mu 1976, ndipo panopa munthu amachotseredwa pa msonkho wake 20 peresenti ya ndalama zimene wawononga pokonza nyumbayo. Koma si nyumba ina iliyonse yakale, iyenera kukhala yovomerezedwa kuti ndi ya mbiri, a National Park Service, nthambi ya boma yosamalira malo a mbiri, aone kaye mapulani anu, komanso ikhale yobweretsa ndalama, kaya ya lendi kaya shopu kaya maofesi. Yogona inu ndi ana anu siilowamo. Ndipo sikuti amakupatsani kashi m'manja, amangochepetsa zimene mumayenera kulipira, zimenezonso pang'onopang'ono kwa zaka zisanu.

Ku America komweko amachepetsanso msonkho kwa oteteza malo, koma za malozi ndiye zovuta kuposa apa. Mwini munda kapena nkhalango amasayina kuti pamalopo sipadzamangidwanso zinthu mpaka kalekale, ngakhale atagulitsa wogulayo pangano limamugwirabe. Ineyo ndisanasayine zoterozo ndingayambe ndakhala pansi ndi ana, chifukwa odzavutika nazo ndi iwowo.

Tsono amenewo ndi malamulo a ku America, a ZIMRA, otolera msonkho kuno ku Zimbabwe, sawatsata. Kuno chimene chingakuthandizeni si ukalamba wa nyumbayo koma ntchito yake. Ngati muli ndi malojala ndipo mumalipira msonkho pa lendiyo, ndalama zokonzera zowonongeka monga malata odonthawo zimachotsedwa pa zomwe mwapeza asanawerengere msonkho. Kuwonjezera chipinda kuseri sikukonza ayi, imeneyo amaitenga mwa njira ina. Ndiye malisiti a simenti, malata ndi a mmisiri musataye, amisiri athuwa sakonda kulemba koma akakamizeni basi.

Zoteteza nyumba ndi malo a mbiri zili m'manja mwa a National Museums and Monuments of Zimbabwe. Ngati panyumbapo panachitika zazikulu, poti Highfield ndi kumene kunkakumana atsogoleri omenyera ufulu, kawaoneni musanagumule khoma lililonse. Koma mabilu a khonsolo pitirizani kulipira mukudikira yankho lawo.