Madandaulo alembeni pa katoni, mbendera isiyeni momwe ilili

Achimwene a ku Linthipe, mwafunsa kuti inu ndi alimi anzanu mukufuna kuguba mpaka ku ofesi ya DC ku Dedza kukadandaula za kuchedwa kwa feteleza, ndipo ena akuti uthenga mulembe ndi penti pa mbendera ya dziko m'malo monyamula zikwangwani. Kodi malamulo akuti bwanji?

Kuguba ndi ufulu wanu. Ndime 38 ya malamulo aakulu a dziko lino imalola aliyense kuchita zionetsero mwamtendere komanso opanda zida, ndipo ndime 35 imateteza ufulu wolankhula zakukhosi. Mutha kunyamula mbendera, mutha kunyamula chikwangwani.

Koma chonde, pa mbendera musalembepo kanthu. Lamulo loteteza mbendera ndi zizindikiro za dziko la 1967 limati kunyoza mbendera ndi mlandu. Mukaipaka penti, mukaikokera m'fumbi la m'mbali mwa M1 kapena kuiwotcha, apolisi apeza pokugwirirani. Kukacha, anthu azidzakamba za mbendera, za feteleza zitaiwalika, ndipo ine zimenezi zimandiwawa. Amalawife nsaluyi timaikonda: itasinthidwa mu 2010 anthu sanakondwe, mpaka dzuwa lotuluka lija linabwerera mu 2012. Inyamuleni m'mwamba, pa kansungwi kowonda. Chitsulo kapena chimtengo chonenepa wapolisi atha kuchiyesa chida.

Mbendera imangonena kuti ndinu eni dziko, sinena chimene mukufuna. Imeneyo ndi ntchito ya katoni. Lembani zilembo zikuluzikulu: "Mvula yagwa, feteleza ali kuti?" Musalembe dzina la munthu n'kumuti wakuba mulibe umboni, atha kukusumirani kuti mwamuipitsira mbiri. Mawu oopseza kapena oyambitsa ziwawa asapezekepo.

Musanagube, ndime 96 ya lamulo la apolisi la 2010 imafuna kuti mtsogoleri wanu alembere DC kalata yomudziwitsa, kope lipite kwa mkulu wa polisi wa m'deralo. Ifike kutatsala maola osachepera 48, komanso masiku osapitirira 14. Tchulanimo tsiku, nthawi, njira yodutsa ndi chiwerengero cha anthu. Kope lanu adindepo, muyende nalo m'thumba. Akakuletsani popanda chifukwa chomveka, mutha kukadandaula ku High Court.

Sankhaninso anthu okhwima maganizo oyang'anira gulu, chifukwa katundu wa eni akaonongeka, lamulo lomwelo limalola kuti okonza zionetsero alipitsidwe.