Wotopa m'bwezere kumbuyo, mdzukulu wanga

Agogo, ndili ndi zaka 17. Ndayamba kusewera gemu yomenyana ya Tekken Tag Tournament 2 m'kanyumba ka magemu pamsika wakwathu. Masabata atatu tsopano sindinapambaneko. Anzanga amandiseka, ndipo dzulo ndinamenyetsa pad, kachipangizo ka mabatani koseweretsa gemu kaja, pansi mpaka mwini malo anandithamangitsa. Kodi ndingosiya?

Mdzukulu wanga, usanaganize zosiya kapena zopitiriza, pita kaye ukapepese kwa mwini malo. Pad ija ndi khasu lake, ana ake amadyera pomwepo. Upite wekha, chipewa chili m'manja, osati kutumiza uthenga pa WhatsApp.

Ine ndinakulira bawo la pansi pa mtengo wa mango, koma gemu ukunenayi ndaipenyerera mokwanira, poti msuweni wako amaisewera pabalaza panga mpaka magetsi atazima. Anaipanga ndi a Namco a ku Japan. Tekken Tag Tournament yoyamba inatuluka mu 1999, yachiwiri ukulimbana nayoyi mu 2011. Lamulo lake ndi lomwe likukupweteka: umasankha omenya awiri, koma mmodzi yekha akagwetsedwa, raundi yatha, ngakhale mnzakeyo ali ndi moyo wodzaza kuseri. Mu gemu ina yomenyana, Marvel vs. Capcom 2 ya mu 2000, umalowa ndi atatu ndipo mdani ayenera kuwamaliza onse. Mu Tekken chifundo chimenecho mulibe.

Ndikuganiza kuti ndikudziwa zomwe umachita, chifukwa wongoyamba aliyense amatero. Umasankha Eddy Gordo, wa ku Brazil uja amene amamenya capoeira, ndewu yokhala ngati gule, n'kumangosindikiza mabatani a miyendo ngati ukusinja mtondo, wachiwiri uja n'kumuiwaliratu. Tayang'anitsitsa mzere wa moyo pamwamba pa sikirini. Ukamenyedwa, mbali ina imasanduka yofiira. Yofiirayo sinatayike, imabwerera pang'onopang'ono womenyayo akapuma kunja. Komanso wodikira kuseri uja, mnzake akachitidwa nkhanza kwambiri, amakwiya, mzere wake umaphethira, ndipo akalowa nkhonya zake zimalemera kuposa kale. Ndiye iwe ukukakamira wovulala, wamphamvu ali chikhalire! Kumunda tikamalima ndi ng'ombe, yotopa timaimasula pagoli isanagwe mumzere.

Koma usasinthe mwa mantha. Wolowayo amabwera akuthamanga, chifuwa pamtunda, ndipo mdani wochenjera amangomudikira ndi chibakera. Sintha pamene mdani wagwa pansi kapena wamuulutsa m'mwamba. Phunziranso kutchinga. Kukankhira kumbuyo kumatchinga zapamwamba, kumbuyo chapansi kumatchinga zosesa miyendo. Mabatani omenyera ndi anayi basi, dzanja lililonse lake, mwendo uliwonse lake, ndipo lina ndi loitanira mnzako. Sankha awiri, ukhale nawo mwezi wathunthu, aliyense umudziwe njira zitatu kapena zinayi. Zokongola zija zidzabwera zokha.

Za kusekedwazo, pabawo ifenso tinkasekedwa. Mkulu wina ankandidyera nkhomo zonse akuimba mluzu, osandiyang'ana n'komwe. Ndinaphunzira tsiku lomwe ndinasiya kuyang'ana nkhope yake n'kuyamba kuyang'ana zala zake. Iwenso ukagonja, pereka pad kwa wotsatira ndi manja awiri, uime kumbuyo kwa wakugonjetsayo, uone nthawi imene amasinthira. Akamaliza umufunse kuti, “Achimwene, paja munandigwetsa bwanji?” Safunsa anadya phula. Ambiri odziwa amasangalala kufunsidwa, ena mpaka amakuonetsa kawiri.

Tsiku lina mudzasewera anayi, awiri mbali imodzi, aliyense ndi womenya wake. Mnzako akagwetsedwa usamunyoze pagulu, poti mwina iwe ndiwe unamusiyira mdani ali ndi mphamvu zonse. Ndipo iye akakuitana uzilowa, osati kuzengereza kuti aoneke wolephera.

Bwerera, ukasewere. Koma ndalama ya kuchigayo imene amayi ako akutuma nayo ikafike kuchigayo, chifukwa imeneyo ikathera kwa Eddy Gordo, ine sindidzakuyankhira.