Wonga uti sudya mpope? Kuyankha mwini .243 wa ku Mabvuku

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina wa ku Mabvuku, wobadwira konkuno ku Harare koma makolo ake ndi a ku Ntcheu. Amagwira ntchito pa famu ina cha ku Marondera, ali ndi setifiketi ya mfuti ya .243 Winchester, ndipo wayamba kumene kudzaza yekha zipolopolo poona kuti zam'shopu zakwera mtengo. Funso lake, lochokera pa zimene amamva ku renji (bwalo loombererako chandamale), ndi ili: "Ku renji andisokoneza mutu. Wina akuti wonga wa timibulu umawotcha mpope, wina akuti ndigule woyaka pang'onopang'ono kuti mfuti ikhalitse. Ndisankhe uti? Ndalama yogulira mpope wina ndilibe."

Achimwene, zikomo polemba m'chinenero chathu, chifukwa maimelo ambiri amabwera m'Chingerezi kapena m'Chishona. Yankho langa mwina silikukomerani. Wonga womwe sudya mpope kulibe. Ndipo pa mfuti yanuyo, mtundu wa wonga si mdani wamkulu. Mdani wamkulu munamugula tsiku lomwe munasankha .243, ndipo wachiwiri ndi chala chanu chikayamba kuthamanga.

Tiyambe ndi malo amene mpope umathera, poti ambiri amaganiza kuti umatha wonse mofanana ngati paipi ya madzi. Sichoncho. Umadyeka pakhosi, kutsogolo pang'ono kwa pomwe chigoba cha chipolopolo (chomwe chimasunga wonga) chimakhala, pamene mizere yopota ya mkati imayambira. Masentimita ochepa okhawo. Mukakoka chala, wonga umayaka ndi moto wopitirira madigiri 2,000, pomwe chitsulo chimasungunuka pa madigiri pafupifupi 1,500. Mphamvu ya mpweya wake imafika ma psi 60,000 kapena kuyandikira pamenepo. Chimene chimapulumutsa mpope n'chakuti zonsezi zimachitika m'kanthawi kochepetsetsa, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi. Khungu la chitsulo limatentha, kufufuma, kenako kuzizira mwadzidzidzi chifukwa chitsulo cha pansi pake n'chozizira. Bwerezani zimenezo kambirimbiri, khungu lija limauma n'kung'aluka.

Ndinaziona ndi maso anga pa .30-06 yanga yakale. Mmisiri wa mfuti wina m'tauni muno analowetsa kakamera kake kaja ka borescope n'kunditembenuzira kompyuta. Kutsogolo konse mizere inali yakuthwa, yonyezimira ngati yatsopano. Atabwerera m'mbuyo kufika pakhosi, ndinaona dambo la mwezi wa Okutobala: matope ouma ong'alukang'aluka, timagawo tina titanyamuka m'mphepete. Mizere inali itafufutika, yayambira patsogolo kusiyana ndi pomwe inkayambira kale. N'chifukwa chake mutu wa chipolopolo unkayamba wadumpha kamtunda usanagwire mizere, ndipo pa chandamale zipolopolo zinkamwazikana ngati mapira othira nkhuku.

Anzanu a ku renji aja sakunama kotheratu, nkhani yawo ili ndi gwero. Wonga wopanda utsi ulipo wa mitundu iwiri ikuluikulu imene ife timagwiritsa ntchito. Wa single base ndi nitrocellulose yekha, mbadwa ya Poudre B amene Paul Vieille anapanga ku France mu 1884. Wa double base amauwonjezera nitroglycerine, njira imene Alfred Nobel anayamba ndi ballistite mu 1887. Nitroglycerine amawonjezera mphamvu, komanso amawonjezera kutentha kwa moto, ndipo wonga wa timibulu uja, wa tinjere tobulungira, kawirikawiri ndi wa double base. Angerezi anaphunzira zimenezi movutikira. Wonga wawo wotchedwa cordite, woyamba wa mu 1889, wa Frederick Abel ndi James Dewar, anali ndi nitroglycerine wokwana 58 peresenti. Atamuika mu .303, mizere yosazama ya mfuti ya Lee-Metford, yomwe inapangidwira wonga wakuda, inayamba kutha msangamsanga. Mu 1895 anasintha n'kuika mizere yozama ya Enfield, ndiye kubadwa kwa Lee-Enfield imene mpaka lero ili m'mafamu ambiri muno m'Zimbabwe. Pambuyo pake anatsitsa nitroglycerine kufika pa 30 peresenti mu cordite wa MD, chifukwa chake chomwecho cha kudyeka kwa mipope. Amene anasegulapo chipolopolo chakale cha .303 amadziwa timitengo tija tofiirira tokhala ngati supageti wowonda.

Koma wonga wa double base wa mfuti zazitali masiku ano uli kutali ndi 58 peresenti ija. Nitroglycerine wake ndi wochepa, ndipo timibulu amatikuta ndi mankhwala ochedwetsa kuyaka, amene amaziziritsanso moto poyambirira. Choncho kunena kuti wa timibulu umawotcha mpope, wa timitengo ayi, n'kufupikitsa nkhani mopitirira muyezo. Kusiyana kulipo, inde. Amene amaombera pa mpikisano zipolopolo mazanamazana mwezi uliwonse amakuona, ndipo ena mwa iwo amapewa dala mitundu ya N500 ya kampani ya Vihtavuori, yomwe ili ndi nitroglycerine, n'kukhalira ya N100 yomwe ilibe. Inu amene mukulimbana ndi anyani m'munda wa chimanga, nguluwe usiku, ndi nswala ya ndiwo mwa apo ndi apo, kusiyana kumeneko mwina simudzakuzindikira moyo wanu wonse.

Chachikulu ndi kuchuluka kwa wonga poyerekeza ndi kukula kwa bowo lomwe ukudutsa. Apa m'pamene .243 yanu ili ndi mlandu. Inatuluka mu 1955, ndipo ndi chigoba chomwecho cha .308 Winchester cha mu 1952, angochifinya khosi kuti chigwire mutu waung'ono. Wonga wolowamo ndi wofanana ndithu kuchuluka kwake, koma khomo lotulukira ndi laling'ono, malo ake ndi pafupifupi 62 peresenti ya a .308. Ganizirani anthu otsika basi ya ku Mbare onse akulimbirana kakhomo kamodzi, mafelemu a khomolo ndiwo amavutika. N'chifukwa chake owombera ambiri amawerengera kuti mpope wa .308 ungapitirire zipolopolo 5,000 ukadali wolunjika bwino, pomwe wa .243 umayamba kutopa cha pa 1,500 mpaka 2,000. Manambala amenewa si lamulo, amasintha malinga ndi chitsulo komanso mwini mfuti, koma kusiyana kwake n'koona. Mbiri yoipa ya .220 Swift ndi .264 Winchester Magnum inachokera pomwepa: chigoba chachikulu, bowo laling'ono.

Tawerengerani nokha. Zipolopolo 2,000, chilichonse gawo limodzi mwa 1,000 la sekondi. Ndiye kuti moyo wonse wa mpope wanu, nthawi imene ukugwiradi ntchito, ndi masekondi awiri okha. Koma ngati mumaombera zipolopolo 100 pa chaka, masekondi awiriwo ndi zaka 20. Mwana wanu adzaipeza mfutiyo ikadali ndi moyo.

Nanga woyaka pang'onopang'ono uja? Apa pali msampha. Wonga wochedwa kuyaka umafuna kuti muthire wambiri kuti mufike liwiro lomwelo, ndipo wambiri ndiye kutentha kwambiri, kwa nthawi yotalikirapo. Wofulumira mumathira wochepa, koma mphamvu yake imakwera msanga pafupi ndi pakhosi pomwepo. Mbali iyi mwapindula, mbali iyo mwataya. Ine sindisankha liwiro la kuyaka poganizira mpope. Ndimasankha poona chigoba ndi kulemera kwa mutu. Mutu wolemera mu .243, wa magreni 90 kapena 100 (greni ndi muyezo wa kulemera kwa mitu ndi wonga), umakonda wonga wochedwerako, wa gulu la S365 wa Somchem kapena H4350 wa kampani ya Hodgdon ndi N160 wa Vihtavuori. Mutu wopepuka umalola wofulumirako. Wa Somchem ndautchula poyamba chifukwa ndi wa kwa aneba, amaupanga ku Somerset West ku South Africa, ndipo dera lathu lino ndi umene anthu anauzolowera. S335, S355, S365 ndi S385 ndi ya timitengo, pomwe S321 ndi S341 ndi ya timibulu. Ya timibulu imayenda bwino m'chothirira ngati shuga, ya timitengo imakodwa, ndiye muyenera kuyeza chigoba chilichonse pa sikelo.

Muona kuti sindinalembe kuti thirani magreni angati, ndipo sindilemba. Muyezo umachokera m'buku la opanga wongawo, la mutu womwewo ndi chigoba chomwecho. Mumayambira pa muyezo wapansi wolembedwa n'kumakwera pang'onopang'ono, mukuyang'ana primer (kachoyatsira wonga ka kutsinde kwa chigoba) ngati yaphwatalala, komanso ngati boti (chitsulo chotsekera chipolopolo mumfuti) yayamba kulimba potsegula. Musatsike kupitirira muyezo wapansi ndi wonga wochedwa poganiza kuti mukusunga mpope, n'zoopsa. Tchati cha liwiro la kuyaka chimangosonyeza kuti uyu ndi mnansi wa uyu, sichikupatsani chilolezo chotenga muyezo wa wina n'kuika pa mnzake. Osasakaniza mitundu iwiri. Pa tebulo pazikhala chitini chimodzi chokha, makamaka ngati m'nyumbamo mulinso wonga wa pisito, chifukwa umenewo ukalowa m'chigoba cha .243 mfuti imaphulikira kumaso. Mukagula chitini chatsopano cha loti ina (chopangidwa ulendo wina ku fakitale), bwererani pansi pang'ono muyambirenso.

Chimene mungachitedi kuti mpope ukhalitse ndi kusiya kuthamangira muyezo wapamwamba. Nswala siidziwa kusiyana kwa mamita 30 pa sekondi pa liwiro la chipolopolo. Kawirikawiri muyezo umene mfuti imalunjika nawo bwino umakhala pansi pang'ono pa malire, ndipo pamenepo mphamvu ndi kutentha n'zocheperako, zigoba nazonso zimakhalitsa.

Ndiyeno chala. Vuto la .30-06 yanga ija silinali wonga, linali ineyo. Ndili wamng'ono ndinkafika ku renji Loweruka masana, dzuwa lili pa liwombo, n'kuombera zipolopolo 20 motsatizana kuti anzanga aone. Mpope unkatentha moti malovu akanachita thovu. Chitsulo chikatentha kale, moto wotsatira umachipeza chofewa, ndipo chipolopolo chimodzi chimadya za zingapo. Lero ndimaombera zitatu, ndimatsegula boti, ndimaimika mfuti pamthunzi, n'kumwa tiyi. Muyezo wanga ndi dzanja: ngati sindingagwire mpope patsogolo pa chigoba n'kuwerenga mpaka 10 osachotsa, sindiomberanso. Mpope wowonda wa mfuti yosakira ngati yanuyo umatentha msanga kuposa wonenepa wa pa mpikisano.

Kutentha kwa dziko lino kumakhudzanso wonga weniweniwo, ndipo ine ndimakuika patsogolo pa nkhani ya mpope posankha. Muyezo umene munauyesa m'mawa wa Juni kuno ku Harare, chisanu chili pa udzu, si womwewo mukafika ku Chirundu kapena ku Kariba mu Okutobala, kumene kumapitirira madigiri 40. Wonga wotentha umayaka msanga, mphamvu imakwera, boti imakanirira. Angerezi ankadziwa zimenezi, n'chifukwa chake .416 Rigby ya mu 1911 ili ndi chigoba chachikulu chotero, ankafuna mphamvu ikhale yotsika cordite akatenthedwa ndi dzuwa la ku Africa. Mitundu ina ya masiku ano, monga Varget ndi H4350 ya Hodgdon, inapangidwa kuti isasinthesinthe kwambiri ndi nyengo. Ngati mwaipeza kwa wogulitsa wovomerezeka, n'zabwino. Ngati ayi, yesani muyezo wanu tsiku lotentha, ndipo musasiye zipolopolo pa dashibodi ya galimoto.

Kapezekedwe kake nakonso muzikaganizira. Wonga wabwino kwambiri pa intaneti ulibe ntchito ngati chaka chamawa simudzaupeza, chifukwa kuyambiranso kuyesa muyezo watsopano kumadya zipolopolo 50 kapena kupitirira, ndipo chilichonse chikudutsa pakhosi pomwe mukufuna kusungapo. Ndaona anthu akumaliza gawo lalikulu la moyo wa mpope pongoyesa mitundu isanu ya wonga kufunafuna wosadya mpope! Sankhani umodzi, pezani muyezo, lembani m'kope, khalani pomwepo. Ndipo zonse zidutse m'njira yake: mfuti ndi zipolopolo kuno zili pansi pa Firearms Act, Chapter 10:09, choncho funsani ku polisi kumene munatengera setifiketi kuti mapepala anu akulolani chiyani pa nkhani yodzaza nokha ndi kusunga wonga. Za kutuma m'bale kuti akubisireni chitini m'chikwama pa basi yodutsa pa Beitbridge, iwalani. Ndi mlandu, komanso n'kuika miyoyo ya anthu pachiswe. Wonga wogulitsidwa m'botolo lopanda dzina, kaya wotsika mtengo bwanji, usiyeni. Mukatsegula chitini n'kumva fungo lowawasa loluma mphuno, kapena kuona fumbi lofiira ngati dzimbiri, wawonongeka umenewo.

Mipope yambiri imene ndaiona itafa m'mafamu sinaphedwe ndi wonga n'komwe. Ma .303 ambiri anadyedwa ndi mchere wa ma primer akale a usilikali, umene umakoka chinyezi ngati sunatsukidwe ndi madzi otentha tsiku lomwelo. Ina inadyedwa ndi dzimbiri la nyengo ya mvula, mfuti itagona m'thumba lake kuyambira Disembala mpaka Malichi. Ina ndi ndodo yotsukira yolowetsedwa kutsogolo, imene imakhula kukamwa kwa mpope mpaka kupotoka. Inu muzilowetsa ndodo kuchokera kumbuyo, ndi kachotsogolera kake, ndipo mukamaliza mupake mafuta pang'ono, n'kuwapukuta musanaombere.

Ndiye pa .243 yanuyo, ndikanakhala ine, ndikanatenga wonga wa timitengo wa single base wochedwerako umene ukupezeka mosavuta, S365 ngati ulipo, ndi mutu wa magreni 90 kapena 100, n'kukhala pansi pa malire a m'buku. Gulani kope la ana asukulu, muzilemba chipolopolo chilichonse chimene mwaombera. Mukafika pa 1,000, pitani nayo kwa mmisiri akalowetse kakamera, ndipo mudzanditumizire chithunzi cha pakhosipo.