Scanner ikuyaka koma sikulankhula ndi galimoto

Achimwene, mwati scanner ikuyaka mukaizika pa OBD (soketi ya mapini 16 yofufuzira zovuta za galimoto) koma laputopu siikuona galimoto. Kuyakako kukungosonyeza kuti pini 16 ili ndi magetsi, basi. Chotsani waya wa batire, muyeze ndi multimeter pakati pa pini 6 ndi 14. Pazikhala ma ohm 60, chifukwa CAN (mawaya awiri a pa mapini amenewa, omwe makompyuta a m'galimoto amalankhulirana) ili ndi ma resistor awiri a 120, mbali iyi ndi iyo. Mukapeza 120, waya waduka penapake. Pafupi ndi ziro, mawaya agundana. Kuno ku Lusaka ndimayamba kufufuza pomwe anasenda mawaya poika alamu kapena tracker, n'kungokulunga tepi. Ngati mabowo a 6 ndi 14 alibe tizitsulo, mwina galimotoyo ndi yakale ya ku Japan yolankhulira pa waya wina wotchedwa K-line, pini 7. Sinthani protocol (njira yolankhulira ndi galimoto) m'pulogalamu ya pa laputopu musanathamangire ku msika wa Kamwala kukagula scanner ina.