Funsani Tikuyankheni: Kamakina ka TENS ka maondo a amayi, ndigule kati?

FUNSO

Zikomo a mkonzi. Ine ndili ku Johannesburg kuno ndimagwira ntchito ya m'nyumba, amayi anga ali kumudzi ku Ntcheu ali ndi zaka 67 ndipo maondo akhala akuwavuta zaka zitatu tsopano, kuchipatala anati ndi nyamakazi ya ukalamba, mafupa akukhulana. Amamwa panado ndi bulufeni koma bulufeniyo wayamba kuwaotcha m'mimba. Abwana anga kuno ali ndi kamakina kakang'ono ngati foni kokhala ndi mawaya amamata pamsana akuti TENS, ndie ndinapita ku famase ndinapeza mitundu yambirimbiri, ina yotchipa ina yodula, ina alemba TENS ina EMS, mutu unangondizungulira. Ndigule kati? Nanga sikangawagwiritse nyesi? Amayi ali ndi BP komanso shuga, ndipo kwathu kulibe magetsi amatchaja foni pa sola. Ndithandizeni chonde.

Mwana wamkazi wodandaula, Johannesburg

YANKHO

Achemwali, mwachita bwino kufunsa musanagule, poti ambiri amayamba agula, katundu wakwera basi wafika kumudzi, ndipamene amayamba kufunsa kuti ichi chimagwira bwanji. Koma tisanafike ku makinawo, nkhani ya bulufeni yandidetsa nkhawa kwambiri. Munthu wa zaka 67, wa BP, wa shuga, kumamwa bulufeni tsiku ndi tsiku mpaka m'mimba kuyamba kuotcha, zimenezo zimabweretsa zilonda za m'mimba komanso zimatopetsa impso. Ayimbireni lero lomwe akanene kuchipatala, ndipo akafunse ngati angawapatse mankhwala opaka pabondo ngati diclofenac wodzola m'malo mwa akumwawo.

Tsopano kamakinako. Sikachiza nyamakazi, izi ndikufuna muzimve bwino kuti musadzakhumudwe. Mafupa okhulanawo akhalabe choncho. Chomwe kamachita ndi kutumiza magetsi ochepa kwambiri kudzera pakhungu kukafika ku mitsempha yomvera, ndipo munthu amamva kunyerenyesa ngati tinyerere tikuyenda pamalopo. Mukudziwa mukagunda chigongono pachitseko dzanja limathamangira lokha kukasisita, ululu nkuchepako? Nzeru yake ndi yomweyo. Akatswiri awiri, Ronald Melzack ndi Patrick Wall, anafotokoza mu 1965 kuti mumsana mwathu muli ngati kachipata komwe uthenga wa ululu umadutsa popita ku ubongo, ndipo uthenga wa kukhudza ukachuluka kachipatako kamatsekekako pang'ono. TENS ndi kusisita kosalekeza kwa magetsi basi. Nyesi yoopsa ija ya pa soketi ayi, kamagwira ntchito ndi batire ndipo mphamvu yake mumaikweza nokha pang'onopang'ono kuchokera pa ziro.

Kodi kamathandizadi? Apa madokotala sagwirizana onse. Bungwe la NICE la ku Britain, lomwe limalangiza zipatala za kumeneko, linati mu 2016 TENS asamaperekedwe pa ululu wa m'chiuno, ndipo mu 2022 linanenanso chimodzimodzi pa nyamakazi ya maondo ngati iyi, ati umboni ndi wosakwanira. Koma chaka chomwecho cha 2022 gulu la katswiri wofufuza za ululu, a Mark Johnson, linasonkhanitsa kafukufuku 381 nkupeza kuti ululu umachepadi nthawi yomwe kamakinako kakuyaka komanso kakangozimitsidwa kumene. Ine mmene ndimaonera, zonse ziwirizi nzoona: ena kamawathandiza kwa ola limodzi kapena awiri, ena samva kusintha kulikonse. Kwa amayi oti mapilisi akuwavuta m'mimba, olo ola limodzi lokhala opanda ululu woluma madzulo atabwera kumunda ndi chinthu chachikulu, ndie kuyesa sikolakwika. Chomwe sindingakulangizeni ndi kuthira ndalama ya mwezi wonse pa chinthu chomwe simunadziwe ngati thupi lawo lichilandira.

Ku famase kuja yang'anani kaye kuti pabokosi alemba TENS. EMS ndi ina, imeneyo ntchito yake ndi kukoka minofu kuti izigwira ntchito, amaikonda anthu a ku jimu ndi amene akuchira atavulala. Tilipo tina tomwe tili ndi zonse ziwiri, palibe vuto, koma musalipire ndalama yowonjezera chifukwa cha EMS yomwe amayi sadzaigwiritsa ntchito. Onaninso kuti pali chizindikiro cha CE chosonyeza kuti kakutsata malamulo a chitetezo a ku Ulaya, dzina la kampani ndi kabuku ka malangizo mkati. Timene amagulitsa m'misewu tolembedwa kuti timachiza shuga, BP, sitiroko ndi kuchepetsa mimba tisiyeni komweko, amene walemba bodza pabokosi sangakuuzeni zoona za mphamvu ya magetsi ali mkatimo.

Chachikulu kwa ine ndi kuphweka. Ganizirani amayi ali pakhonde madzulo, maso satha kuona tizilembo ting'onoting'ono, inu muli kutali, kamakina kali ndi mapulogalamu 24 ndi mabatani asanu ndi limodzi onse achingerezi. Kakathera m'sutikesi. Pezani kokhala ndi kogudubuza kapena mabatani akuluakulu awiri, lokweza ndi lotsitsa, ndipo mphamvu izikwera pang'onopang'ono osati kudumpha. Timene timafuna kulumikiza ku foni ndi app tisiyeni, nzabwino kwa inu a mtauni. Popeza maondo onse awiri akuwawa, tengani ka machanelo awiri, kutanthauza mawaya awiri ndi mapadi anayi, bondo lililonse mapadi ake awiri ndi mphamvu yakeyake poti maondo sawawa mofanana. Kakhalenso ndi taima yozimitsa yokha, kuti akasinza kasapitilire.

Ngati kali ndi posinthira liwiro, lomwe amaliyeza mu Hz, kutanthauza kangati magetsi akugunda pa sekondi imodzi, manambala ake ndi awa. Pakati pa 80 ndi 120 Hz ndi kunyerenyesa kosalala kuja, kumagwira msanga ndipo ndi poyambira pabwino. Pakati pa 2 ndi 10 Hz kumamveka ngati kugogoda, minofu imadumphadumpha pang'ono, ndipo kumathandiza thupi kutulutsa mankhwala ake achilengedwe ochepetsa ululu otchedwa ma endorphin. Muwaikire pa 100 muwauze asakhudzenso pamenepo, iwo ntchito yawo ikhale yokweza ndi kutsitsa mphamvu basi.

Za batire, poti kuli sola ya foni, kotchaja ndi waya wa USB ndi kabwino kwambiri. Kena kamagwiritsa mabatire a AAA omwe amapezeka pa golosale iliyonse, nakonso nkabwino. Ka batire lamakona anayi lija la 9V ganizirani kawiri, kumudzi simungalipeze msanga.

Ndie pali nkhani ya mapadi, yomwe ogulitsa sakuuzani, koma ndi pomwe ndalama imathera. Mapadi ali ndi guluu wofewa yemwe amatha, ambiri amamata bwino maulendo 20 mpaka 30 kenako ayamba kumatuka m'mbali, ndipo padi yomatuka imaluma ngati singano chifukwa magetsi onse akudutsa pa kamalo kochepa. Musanalipire funsani kuti mapadi ake osinthira ndi ndalama zingati ndipo kodi a kampani ina angalowe. Ambiri amalowa ndi kapini ka 2 mm, amenewo mungawapeze paliponse, pomwe ena ali ndi polumikizira pawopawo kuti muzibwerera kwa iwo okha. Gulani mapaketi angapo nthawi imodzi a 5 cm kwa 5 cm. Ndipo amayi athu mukuwadziwa, akasamba amadzola Vaseline miyendo yonse mpaka kuwala, pamenepo padi singamate ndipo imafa tsiku lomwelo. Pabondo pakhale potsukidwa bwino, pouma, popanda mafuta kapena mankhwala opaka. Akamaliza azibwezera mapadiwo pa kapulasitiki kake nkuika mu kajumbo kotseka, fumbi la chilimwe limawononga guluu msanga. Akayamba kuuma, kadontho kamodzi ka madzi kopaka ndi chala kamawadzutsako.

Tsopano mvetserani apa chifukwa mwatchula shuga. Shuga akakhalitsa amapha mitsempha ya kumapazi, munthu nkumamva dzanzi kapena osamva kalikonse. Pakhungu pomwe sipamva sitiika TENS, poti munthu amangokweza mphamvu osadziwa kuti yapyola, khungu nkupsa, ndipo bala la munthu wa shuga mukudziwa mmene limavutira kupola. Akapita kuchipatala akawayese ngati akumva bwinobwino kuzungulira bondo. BP payokha siletsa, koma ngati ali ndi vuto la kagundidwe ka mtima afunse dokotala kaye. Amene anaikidwa kabatire ka mtima kotchedwa pacemaker asayerekeze nkomwe. Wa khunyu ndi mayi woyembekezera asagwiritse popanda chilolezo cha dokotala, ndipo ndikunena izi chifukwa kumudzi chinthu chikafika chimayenda nyumba ndi nyumba, azakhali abwereka, aneba abwereka. Osamata pakhosi kutsogolo, pamutu, m'maso, pachifuwa, pabala, pa chotupa, kapena pa mwendo wotupa wotentha chifukwa mwina muli magazi oundana. Osagwiritsa posamba kapena pogona tulo. Ndipo wina akabwera kudzabwereka ati msana, koma akuonda, akutuluka thukuta usiku, miyendo ikufooka kapena mkodzo ukumupulumuka, ameneyo athamangire kuchipatala, TB ya msana kwathu kuno iliko ndipo kuphimba ululu wake ndi kutaya nthawi.

Kamatidwe kake sikovuta. Kamakina kali kozima, padi imodzi mbali iyi ya bondo ina mbali inayo, kapena pamwamba ndi pansi pake, osati pa fupa lenileni la bondo, ndipo asagundane, pakhale mpata wa zala ziwiri kapena kuposa. Ayatse, akweze mpaka kunyerenyesa kumveke kwamphamvu koma kosawawa. Pakapita mphindi zingapo thupi limazolowera ndie aziwonjezera pang'ono, ambiri omwe amati sikagwira ntchito amakhala akusiya mphamvu pansi kwambiri chifukwa cha mantha. Mphindi 30 nzokwanira poyamba. Azimitse asanamatule. Khungu likafiira nkumayabwa mpaka mawa lake, apumire kaye.

Chomwe chimathandiza maondo a nyamakazi kwa nthawi yaitali ndi mafizo olimbitsa minofu ya ntchafu, kuchepetsa thupi ngati ndi onenepa, ndi ndodo poyenda mtunda. Afunse kuchipatala cha boma ngati angaonane ndi a mafizo, ku Kamuzu Central ku Lilongwe ndi ku Queen Elizabeth ku Blantyre alipo, ndipo iwowo angawaonetsenso pomata penipeni.

Pempho langa nlakuti musakatumize pa basi kokha. Kayeseni kaye inuyo pamkono panu kuti mudziwe mmene kamamvekera, ndipo mukamapita ku tchuthi mukatenge nokha, mukakhale nawo pamphasa masiku atatu oyamba, iwo agwire mabataniwo ndi manja awo inu mukuyang'ana. Mukasankhenso mdzukulu mmodzi wodalirika woti azitchaja ndi kusunga mapadi. Pakatha masabata awiri akugwiritsa tsiku lililonse muwafunse ngati akutha kudzuka pampando kapena kufika kuchigayo mosavutikirapo, ndipo mutilembere kuti timve zayenda bwanji.