Musawabweze anawo, khalani pansi ndi bambo awo

Mayi, mwafunsa ngati mubweze ana awiri owapeza kwa mayi awo ku Dedza, poti wamkuluyo, mtsikana wa zaka 13, amakutchulani "anti" ndipo za m'nyumba mwanu zimakafika kwa mayi ake pa WhatsApp. Ine ndikuti musawabweze. Vuto lalikulu si mtsikanayo, ndi amuna anu amene mwati amangoti "zitha zokha" n'kutuluka.

Za dzinalo zisiyeni. Mayi ake ali moyo, ndipo kwa mwana wa msinkhu umenewu kukutchulani "amayi" n'chimodzimodzi kuwakana omubereka. Ulemu wokha ndiye muufune: kuyankha akaitanidwa, kutsuka mbale pa tsiku lake, kulowa m'nyumba kusanade. Koma malamulo amenewa atuluke pakamwa pa bambo ake, inu muli pomwepo. Mukamalanga ndinu nokha, abale a mwamuna adzangoti "mayi wopeza ndi wankhanza", ngakhale mutadzudzula chinthu choona.

Ana amaona tinthu ting'onoting'ono. Amaona amene walandira ntchafu ya nkhuku ndi amene wapatsidwa khosi, amaona kuti mwana wanu wagulidwa nsapato zatsopano pomwe iye akusokera zakale. Pamenepa dziyang'anireni nokha moona mtima. Ndipo mtsikanayu akukula. Tsiku limene adzasowe mapadi n'kuchita manyazi kuuza bambo ake, mupezeke ndinu mwamuikira kale m'chikwama osalengeza.

Musaiwalenso kuti kwa Achewa ana ndi a mbumba ya mayi, malume awo ali ndi mawu. Itanani ankhoswe a mbali zonse, malumewo akhalepo, mugwirizane poyera: fizi alipira ndani, holide anawo akakhala kuti, wina akadwala aimbiridwa ndani. Lamulo loteteza ana la 2010 limati kulera ndi udindo wa makolo onse awiri ngakhale banja lidatha, choncho mayi awo asangokhala olandira malipoti. Zikakanika, a ofesi ya Social Welfare ya m'boma lanu amathandiza kukambirana nkhani zotere.

China chimene ambiri amachiopa kutchula ndi chuma. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limapatsa gawo mkazi wamasiye ndi ana onse a mwamunayo, owapeza ndi anu omwe. Ngati mukumanga nyumba limodzi, sungani malisiti a simenti ndi malata amene mwagula, ndipo amuna anu alembe wilo akadali ndi mphamvu.